Ba Boss Afuna Umeya: Kodi Mzinda Ungayende Ngati Kampani?

Mwakwera basi m'tauni ku Ndola, mwapeza mpando wa pawindo, chola chili pa miyendo, ulendo wa ku Kitwe. Kondakitala akali kukangana ndi mayi wina pa nkhani ya chenji. Mukangodutsa mlatho wa Kafue, nkhope ija yayamba kukuyanganani pa chikwangwani chachikulu: suti ya buluu, mano oyera, manja apinda pachifuwa ngati munthu amene wangosaina cheke. Pansi pake alembapo kuti mzinda ufunika munthu wodziwa bizinesi.

Mumawadziwa. Ku Kitwe aliko, ku Ndola aliko, dzina chabe ndiye limasintha. Ife tiziti ba Boss. Ali ndi kampani yopereka katundu ku migodi, mathiraki angapo opita ku Kasumbalesa, loji imodzi, ndi nyumba ya mpanda wautali ku Parklands kapena ku Kansenshi. Zaka zonsezi munkangoona galimoto yawo ya magalasi akuda. Manje mwadzidzidzi ayamba kupezeka pa maliro aliwonse mu komboni, agula mayunifomu a timu ya anyamata, ndipo Sabata lapitali anakhala kutsogolo m'tchalitchi chimene sanalowemo kuyambira tsiku la ukwati wawo. Afuna umeya.

M'basi nkhani yabuka. Mdala wina wa chipewa, amene kuoneka kwake anasebenzapo mu mgodi, akuti: "Uyu ali na ndalama zake kudala, sangabe." Mtsikana wa pambuyo, maso ali pa foni, wayankha osadzutsa mutu: "Ba tate, wamene ali na ndalama ndiye aziba bwino kwamene zinkala." Basi yonse yaseka. Onse awiri ali ndi mfundo, koma palibe amene wafunsa kuti mpando umene ba Boss akuufunawo uli ndi mphamvu yanji. Tiyeni tiyambire pamenepo, chifukwa pa mapepala anayi amene mumapatsidwa tsiku lovota, la pulezidenti, la MP, la meya ndi la khansala, awiri otsirizawo ndi amene amakhudza mfolo wa kutsogolo kwa nyumba yanu ndi siteshoni imene mumakwererapo basi.

Chifukwa chake mawu awo amalowa m'makutu

Pa Kopala, munthu akanena kuti adzayendetsa mzinda ngati kampani, akukhudza chilonda chakale. Makolo anu anakhalapo m'tauni yoyendetsedwa ndi kampani. ZCCM, imene inapangidwa mu 1982, inali ndi nyumba zake, zipatala zake, masukulu, makalabu ndi mabwalo a mpira. Ku Wusakile, ku Chamboli ndi ku Mindolo, paipi ikaphulika munthu ankakanena ku mgodi, ndipo anthu a mgodi ankabwera kudzakonza. Zinyalala zinkatengedwa, misewu inkasesedwa. Funsani mdala wa chipewa uja, adzakuuzani mpaka mtundu wa galimoto imene inkabwera kudzatenga mabini.

Migodi itagulitsidwa, ntchito imene inatha cha mu 2000, eni atsopano anabwera kudzakumba kopa. Zosesa misewu ya mu komboni sizinali m'mapulani awo. Katundu wambiri uja anagwera makhonsolo, pa nthawi imene makhonsolowo anali atauma kale m'thumba. Mu 1996 boma la Frederick Chiluba linalamula kuti nyumba za khonsolo zigulitsidwe kwa anthu okhalamo. Mabanja ambiri anapeza nyumba zawozawo, chinthu chabwino, koma lendi imene inkalowa ku khonsolo mwezi ndi mwezi inathera pomwepo. Madzi nawo anachoka m'manja mwa khonsolo n'kupita ku makampani apadera: Nkana Water ku Kitwe, Kafubu Water ku Ndola. Ku Ndola kunawonjezeka vuto lina, mafakitale ambiri anatseka m'zaka za m'ma 1990, ndipo anthu olipira misonkho anachepa.

Ndiye ba Boss akaimirira pa thiraki n'kunena kuti iwo amalipira antchito awo pa tsiku lake, anthu amakumbukira nthawi ija. Koma ZCCM inkasamalira makomboni ndi ndalama za kopa. Khonsolo ilibe mgodi. Ili ndi msonkho wa nyumba ndi malo, malaisensi a mabizinesi, ndalama za m'misika ndi m'masiteshoni, tindalama ta zikwangwani ngati chimene mwaona pa mlatho chija, ndi thandizo lochokera ku boma lotchedwa Local Government Equalisation Fund. Munthu amene akulonjeza kubweza masiku a ZCCM ayenera kukuonetsani kumene ndalama zake zidzachokera.

Khomo loyamba: mapepala

Kale meya simunkamusankha imwe. Makhansala ankasankhana okhaokha m'chipinda cha misonkhano, ndipo munthu wa mu komboni ankangomva pa wailesi kuti meya ndi uje. Zinasintha ndi malamulo a dziko amene Edgar Lungu anasaina mu Januwale 2016. Kuyambira pa chisankho cha pa 11 Ogasiti 2016, meya amasankhidwa ndi anthu a mzinda wonse, kwa zaka zisanu. Kusintha kumeneku ndiko kunakopa anthu ngati ba Boss. Kale kuti ukhale meya unkayenera kuyamba wakhala khansala wa wadi imodzi, kumayenda m'matope, kumamva madandaulo a zimbudzi. Manje ungachoke mu ofesi ya kampani n'kulunjika pa mpando wa pamwamba.

Koma pali mapepala. Wofuna umeya amayesedwa ndi muyeso wa MP: akhale nzika ya Zambia, wa zaka 21 kapena kuposa, wolembetsa kuvota, wokhala ndi satifiketi ya Grade 12 kapena yofanana nayo, ndipo aulule chuma chake ndi ngongole zake. Wofuna ukhansala zaka 19 zakwana, Grade 12 ifunikanso, ndipo ayenera kuonetsa kuti alibe ngongole ya misonkho ku khonsolo. Pa tsiku lopereka mapepala ku Electoral Commission of Zambia amalipira ndalama yolembetsera ndipo amabwera ndi anthu omuchirikiza amene ali m'kaundula wa ovota.

Musaiderere nkhani ya Grade 12. Ku Kitwe komweko inagwetsa munthu wa ndalama zake. Joseph Malanji, wabizinesi amene anakhalapo nduna yoona za maiko akunja, anapambana mpando wa Kwacha mu 2021, koma khoti linafafaniza chipambanocho pa nkhani ya satifiketi imeneyi, ndipo Constitutional Court inavomereza chigamulocho mu 2022. Uwo unali mpando wa MP, koma muyeso wake ndi womwewo wa meya. Ndiye mukaona ba Boss akuzemba funso la kumene anaphunzira, mudziwe kuti loya wa mdani wawo walemba kale funsolo m'kabuku.

Khomo lachiwiri: chipani

Apa ndi pamene ba Boss amayamba kudabwa. Ku kampani kwawo iwo ndiwo amafunsa mafunso anthu ofuna ntchito. Ku chipani amakhala pa benchi panja, fayilo m'manja, kudikira kuti komiti ya wadi iwaitane. Akachoka apo pali komiti ya constituency, ya district, ya province, mpaka akuluakulu a ku Lusaka amene ali ndi mawu otsiriza. Pa sitepe iliyonse pali munthu amene wakhala m'chipani zaka khumi, anamenyedwapo, anagonapo m'selo, ndipo akufunsa kuti: "Aba ba Boss benze kuti pamene ise tenze kuvutika?"

Pa sitepe iliyonse palinso dzanja lotambasuka. Ya transport, ya lunch, ya talk time, ya mafuta a galimoto ya ba chairman. Ba Boss amalipira, chifukwa kwawo anazolowera kuti ukalipira katundu amabwera. Ndale sizipereka risiti. Munthu yemweyo amene wadya nkhuku yawo masana, madzulo ali pa nyumba ya mdani wawo akudya nsomba, ndipo konse kuwiri walumbira kuti wadi yonse ili m'thumba mwake.

Chipani chikawakana, njira ilipo yoima paokha. Ku Kitwe si nthano: mu 2021 Binwell Mpundu anapambana mpando wa Nkana wopanda chipani. Koma constituency imodzi ndi yaing'ono poyerekeza ndi mzinda. Pa chisankho cha 2021 Kitwe inali ndi ma constituency asanu, Chimwemwe, Kamfinsa, Kwacha, Nkana ndi Wusakile, ndipo Ndola inali ndi anayi, Bwana Mkubwa, Chifubu, Kabushi ndi Ndola Central. Wofuna umeya ayenera kumveka konseko, ndipo pa tsiku lovota afunika maso ake pa malo aliwonse ovotera. Chipani chili ndi anthu amenewo kale. Woima payekha amawalemba ganyu, ndipo waganyu amaweruka ndalama ikatha.

Kampeni: kumene ndalama zimapita

Imwe mumaona matisheti, vitenge, makapu, thiraki ya masipika ndi oimba. Zimenezo n'zochepa. Ndalama zambiri zimathera m'zinthu zosaoneka pa Facebook: mafuta, chakudya cha anyamata oyenda khomo ndi khomo, bokosi la maliro apa, thumba la simenti ku tchalitchi apo, fizi ya mwana wa ba chairlady wa pa msika. Foni ya ba Boss imayamba kulira 05:00, ndipo aliyense woimba ali ndi vuto limene lifunika kuthetsedwa lero.

Pa Chisokone kapena pa Masala amafika atavula jekete, manja a shati apinda, n'kugula tomato wa K200 amene sadzamudya. Amayesa Chibemba cha mu msika, amayesa Chinyanja akakumana ndi a kum'mawa, amavina pang'ono, amayi n'kuululutira. Akangochoka, mayi wogulitsa kapenta amafunsa mnzake: "Nanga uja wa dzulo anasiya zingati?" Anthu a pa Kopala anaphunzira kalekale. Mawu aja a mu 2011 akuti donchi kubeba anatanthauza kuti landira chimene wapatsidwa, osamuuza kumene voti yako ipita. Chipani chimene chinawatchukitsa chinadzalawa mankhwala omwewo patapita zaka khumi.

Lamulo lilipo. Electoral Process Act ya 2016 imaletsa kugula mavoti ndi ndalama kapena mphatso, imaletsanso chiwawa ndi kuopseza. Woluza angakadandaule: nkhani za meya ndi makhansala zimapita ku bwalo lapadera la zisankho za makhonsolo, ndipo apilo imapita ku Constitutional Court. Ku Ndola anthu anaona mpando wa Kabushi, umene Bowman Lusambo anapambana mu 2021, ukufafanizidwa chifukwa cha chiwawa cha pa kampeni. Ndiye anyamata aja amene ba Boss amawagulira mowa kuti akang'ambe mapositala a mnzawo angathe kuwaluzitsa mpando umene apambana kale. Ndipo imwe a guy amene mwapatsidwa K50 kuti mukaponye mwala, kumbukirani kuti ku selo mudzagona nokha, ba Boss ali ku Parklands akuonera mpira.

China chimene ndalama sizigula ndi mutu wa wovota wa pa Kopala akalowa m'kachipinda. Mu 2021 chigawo cha Copperbelt chinapatsa Hakainde Hichilema wa UPND mavoti ambiri pa upulezidenti, koma umeya wa Kitwe unapita kwa Mpasa Mwaya ndipo wa Ndola kwa Jones Kalyati, onse a PF. Anthu omwewo, tsiku lomwelo, anachonga mosiyana pa mapepala osiyana. Wofuna umeya amene akuganiza kuti adzangokwera pamsana pa pulezidenti wa chipani chake sanawerenge bwino mizinda iwiriyi. Ndipo pa umeya palibe za 50 peresenti kuwonjezapo voti imodzi ngati pa upulezidenti: amene wapeza mavoti ambiri kuposa anzake watenga, olo asiyane ndi mavoti khumi.

Atavala unyolo uja

Tinene kuti apambana. Avala mkanjo ndi unyolo wa golide, ajambulitsa, alowa mu Civic Centre. Lolemba m'mawa aitana munthu amene wachedwa ku ntchito n'kumuuza kuti alongedze. Munthuyo angowayangana mwaulemu n'kubwerera pa desiki yake.

Meya salemba ntchito ndipo sachotsa ntchito akuluakulu a khonsolo. Woyendetsa ntchito za tsiku ndi tsiku ndi Town Clerk, pamodzi ndi madairekita a zachuma, zomangamanga, zaumoyo ndi mapulani, ndipo amenewa amaikidwa ndi kusamutsidwa ndi Local Government Service Commission. Meya amatsogolera misonkhano ya khonsolo yonse, amaimira mzinda, amakankha mfundo. Zigamulo zimapangidwa ndi makhansala povota, zitadutsa m'makomiti. Wachiwiri wake samusankha yekha, amasankhidwa ndi makhansala. Bajeti ikapangidwa imafunika chivomerezo cha unduna wa maboma aang'ono ku Lusaka. Pambali pake palinso District Commissioner, woikidwa ndi boma, amene nayenso amati mzinda ndi wake.

Ku kampani ba Boss akanena kuti thiraki ipite, imapita. Kuno afunika kunyengerera makhansala makumi angapo, ena a chipani china, aliyense akufuna kuti giredala iyambire mu wadi yake. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga la khonsolo ndi lolemera: malipiro a antchito amene m'makhonsolo ambiri amachedwa, ngongole za opuma pa ntchito, magalimoto a zinyalala amene ali pa mataya ophwa.

Chipani nacho sichimusiya. Christopher Kang'ombe, amene anayamba ngati khansala wa ku Riverside mu 2006 akali wophunzira pa Copperbelt University, anasankhidwa ndi anthu kukhala meya wa Kitwe mu 2016. Mu 2020 chipani chake cha PF chinamuimitsa pa nkhani yoti sanaime pa mzere kulonjera mkazi wa pulezidenti. Chaka chomwecho nduna ya maboma aang'ono inaimitsa makhonsolo a Kitwe ndi Lusaka kwa miyezi itatu pa nkhani za kagawidwe ka malo. Munthu wosankhidwa ndi mzinda wonse angathe kuuzidwa kuti akhale kunyumba ndi kalata imodzi yochokera ku Lusaka. Ba Boss, amene sanauzidwepo ndi munthu kuti khalani pansi kuyambira pamene anatsegula kampani, ayenera kudzifunsa ngati mtima wawo ungapirire zimenezo.

Ndiye mukamva malonjezo, muziwasefa. Malaiti ndi a ZESCO. Msewu waukulu wa Ndola ndi Kitwe uli m'manja mwa Road Development Agency. Mtengo wa unga, wa mafuta, ndi ntchito za ku Mopani, meya alibe nazo siginecha. Madzi angawakankhire, chifukwa makhonsolo ndiwo eni a makampani a madzi, koma sangatsegule paipi ndi pakamwa. Zimene zili m'manja mwa khonsolo ndi izi: zinyalala, mifolo, misewu ya m'makomboni, malaiti a mumsewu, misika, masiteshoni a basi, malaisensi a mabala ndi mashopu, mapulani a nyumba, manda, ozimitsa moto. Wofuna umeya amene akukamba za mtengo wa dola koma sakutchula mfolo wa ku Chimwemwe kapena wa ku Chipulukusu, mwina wasokoneza mpando umene akufuna.

Pamene pali fungo la ndalama

Mtsikana wa pa foni uja tisamuiwale. Funso lake ndi lakuti: munthu amene ali ndi zonse akufunanji pa mpando wa malipiro ochepa poyerekeza ndi zimene amapeza pa thiraki imodzi? Ena amafunadi kuthandiza, atopa kuona mzinda umene anakuliramo ukununkha. Ena akuona umeya ngati makwerero opita ku Manda Hill. Ena akuona zinthu ziwiri: malo ndi matenda a ntchito.

Malo poyamba. Khonsolo ndiyo imalandira mapempho a mapuloti n'kupereka maina kwa Commissioner of Lands. Amene ali mkati amadziwa msanga kumene kudzadulidwa mapuloti, kumene kudzadutsa msewu, bwalo la mpira liti lingasanduke malo a sitolo. Kwa munthu wa bizinesi, kudziwa zimenezi miyezi isanu ndi umodzi anzake asanadziwe ndi chuma kale.

Kenaka CDF. Mpaka 2021 constituency iliyonse inkalandira K1.6 miliyoni pa chaka. Mu 2022 inakwera kufika K25.7 miliyoni, ndipo yakhala ikukwerabe, mu 2024 inali K30.6 miliyoni. Werengani nokha: mu 2022 ma constituency asanu a Kitwe anali ndi K128.5 miliyoni, anayi a Ndola K102.8 miliyoni. Ndalama zimenezi ndi za makalasi, zipatala zazing'ono, madesiki, mabasare a ana a sukulu ndi a maluso, ngongole ndi thandizo la magulu a achinyamata ndi amayi. Zosankha zimayambira ku Ward Development Committee n'kupita ku komiti ya CDF, koma kugula katundu, kupereka makontirakiti ndi kulipira kumachitikira ku khonsolo. Meya sasaina yekha, inde. Koma amakhala m'nyumba momwe mukuphikidwa, ndipo ba Boss ali ndi mathiraki, ali ndi simenti, ali ndi mlamu amene watsegula kampani ya zomangamanga mwezi watha.

Malamulo amati wa udindo aulule ngati nkhani imene ikukambidwa ikukhudza thumba lake kapena la wachibale, ndipo asatengeko mbali. Anti-Corruption Act ya 2012 ili ndi mfundo imeneyi, ndipo kagulidwe ka katundu wa boma kali ndi lamulo lake la 2020 loyang'aniridwa ndi ZPPA. Koma akuluakulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Nthawi yabwino yofunsa za makampani a ba Boss ndi ino, akali kupempha, asanakwere pa mkhatepo.

Si kuti wabizinesi sangathe

Tisawanamizire. Pali zinthu zimene munthu woyendetsa kampani amabwera nazo zimene khonsolo ikuzisowa. Amadziwa kuwerenga mabuku a ndalama. Amadziwa kuti ngongole imatoleredwa, ndipo khonsolo zathu zili ndi anthu ndi makampani ambiri amene salipira msonkho wa nyumba. Amadziwa kuti ndalama ya pa msika ikamadutsa m'manja asanu isanafike ku banki, imafika itaonda. Mukukumbukira zaka zimene makada a chipani ankatolera ndalama m'misika ndi m'masiteshoni, pamene lamulo la Markets and Bus Stations la 2007 linapereka malo amenewa ku makhonsolo ndi mabodi ake. Munthu wolimba mtima pa kutolera ndi kuwerengera angasinthe zambiri popanda kupempha ngwee ku Lusaka.

Zitsanzo zilipo mbali zonse. Hichilema mwiniwake anachokera ku ma ofesi a Coopers & Lybrand ndi Grant Thornton, ndipo analuza kasanu asanapambane mu 2021, umboni woti ndalama sizifupikitsa njira. Kutsidya kwa malire, Moïse Katumbi, wabizinesi ndiponso mkulu wa TP Mazembe, analamulira Katanga kuyambira 2007 mpaka 2015. Ku Madagascar, Marc Ravalomanana anachoka ku kampani yake ya mkaka n'kukhala meya wa Antananarivo mu 1999, kenaka pulezidenti. Ku Johannesburg, Herman Mashaba, amene analemera ndi mafuta a tsitsi a Black Like Me, anakhala meya mu 2016 n'kutula pansi udindo mu 2019 atasemphana ndi chipani chake. Mashaba anagwa pa chinthu chomwe chija tanena: ku kampani anali mwini, ku khonsolo anali mmodzi mwa ambiri.

Kusiyana kwina n'kwakuti kampani imasankha makasitomala. Amene salipira amamudula. Mzinda sungadule gogo wa ku Kapoto chifukwa alibe ya zinyalala, pakuti kolera ikabuka pa nyumba yake sidzafunsa risiti isanalowe kwa aneba. Mayi wogulitsa m'mbali mwa msewu, kwa wowerenga mabuku ndi vuto lofunika kuchotsa, koma ndi amene akulipirira ana atatu sukulu, ndipo ndi amene anaululutira pa kampeni. Meya wabwino afunika kupeza kumene mayiyo apite asanatumize apolisi a khonsolo. Luso limenelo saliphunzitsa mu boardroom.

Mukakumana nawo

Tsiku lina thiraki ya masipika idzaima pa siteshoni yanu, kapena ba Boss adzakhala pa wailesi foni zili zotsegula. Osataya mpata kupempha ya drink. Afunseni kuti makampani awo ndi ati, ndipo ndi iti imene inachitapo bizinesi ndi khonsolo kapena ndi CDF. Afunseni amene adzayendetsa makampaniwo iwo ali pa mpando. Afunseni ngati nyumba zawo, loji yawo ndi yadi ya mathiraki zalipira msonkho wa khonsolo, chifukwa munthu amene ali ndi ngongole ku khonsolo sangakatolere ngongole za anzake. Afunseni kuti khonsolo inatolera zingati chaka chatha ndipo inagwiritsa zingati pa malipiro. Wabizinesi weniweni sagula kampani asanaone mabuku ake. Ngati sakudziwa manambala amenewa, sanakonzekere.

Ndipo funsani antchito awo. Dalaivala wa thiraki yawo amakhala mu komboni mwanu, walonda wa pa loji yawo mumakwera naye basi. Amalipidwa pa nthawi? NAPSA yawo imapita? Akadwala zimakhala bwanji? Mmene munthu amasungira anthu makumi asanu amene ali pansi pake ndi chithunzi chabwino kuposa chimene chili pa chikwangwani.

Chitenge landirani ngati mwapatsidwa, nsalu ilibe mlandu. Koma NRC ndi khadi lovotera zisachoke m'manja mwanu, olo wina anene kuti akungofuna kulemba manambala kuti mudzalandire thandizo. Chisankho chachikulu chimabwera Lachinayi lachiwiri la Ogasiti pa zaka zisanu zilizonse, malo ovotera amatsegula 06:00 n'kutseka 18:00, ndipo pepala la meya ndi la khansala limalowa m'bokosi tsiku lomwelo ndi la pulezidenti. Ambiri amafika pa mapepala awiriwo atatopa, n'kungochonga chizindikiro chimene achonga pamwamba.

Basi yafika m'tauni. Mdala wa chipewa watsika, akukambabe za mabini a ZCCM. Mtsikana uja wadumpha chithaphwi cha madzi akuda chimene chakhala pakhomo la siteshoni kuyambira mvula ya chaka chatha, foni ili m'manja, nsapato yoyera yapulumuka pang'ono. Pa khoma la chimbudzi cholipiritsa amatapo positala ina ya ba Boss, pamwamba penipeni pa mulu wa zinyalala. Imwe tsikani bwino, yanganani pansi, ndipo kondakitala asaiwale chenji yanu.